Kodi makina asefa magazi mokwanira? Funso la mabanja osamala odwala impso

Munthu amene impso zake zinaleka kugwira ntchito akabwerako ku chipatala cha Gulupu kokasefedwa magazi, apabanja amamulandira ndi funso limene tonse timafunsa wapaulendo: "Mwayendako bwanji?" Yankho lake nalo ndi lodziwika: "Ndayendako bwino." Kuyenda bwinoko nthawi zambiri kumatanthauza kuti minibasi inapezeka, makina anali okonzeka, ndipo wodwalayo wafika pakhomo ndi miyendo yake. Zonsezi ndi zoyamika. Koma pali funso lina limene sitilifunsa kawirikawiri, chonsecho moyo wa wodwalayo wagona pamenepo: kodi magaziwo asefedwa mokwanira?

Funsoli lili ndi yankho, ndipo yankho lake ndi nambala imene madokotala ndi anamwino amatha kuiwerengera. Anthu awiri ochokera ku Mbayani angathe kukwera minibasi imodzi, kutsikira limodzi pa Ginnery Corner, kugona pa mabedi oyandikana, koma wina n'kubwerako magazi atayera bwino, mnzakeyo atangosefedwa mwapatalipatali. Ndi maso simungawasiyanitse tsiku limenelo. Kusiyana kwake kumadzaoneka patapita miyezi, wina akudya ndi kugwira tintchito take, wina akufooka, akusanza m'mawa uliwonse, akugonekedwa m'chipatala pafupipafupi.

Maola 8 pa maola 168

Impso ziwiri za munthu wathanzi zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180 pa tsiku. Ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'thupi, ndipo otsala ochepawo ndiwo amatuluka ngati mkodzo, atatenga zoipa zimene thupi silikuzifuna. Ntchitoyi siima usana ndi usiku, maola 168 pa sabata. Impso zikafa, kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga amene akhala zaka osasamalidwa, makina a dayalisisi ndiwo amalowa m'malo. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi, amadutsa m'sefa ya timachubu tating'onoting'ono tambirimbiri, ndipo kunja kwa timachubuto kumayenda madzi oyeretsedwa osakaniza ndi michere, amene amakoka zoipazo. Magazi oyerawo amabwerera m'thupi.

M'mayiko olemera, wodwala amakhala pa makina katatu pa sabata, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse. Onse pamodzi ndi maola 12. M'zipatala za boma za mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kwathu kuno, makina ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, kotero ambiri amasefedwa kawiri pa sabata. Amenewo ndi maola 8 ogwira ntchito imene impso zimagwira m'maola 168. Tikaona nambala ziwirizi moyandikana, timamvetsa chifukwa chake mphindi iliyonse ya pa makina ili ya mtengo wapatali.

M'dziko muno ntchito yosefa magazi inayambira ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 1998, ndipo ku Gulupu, komwe dzina lake lenileni ndi Queen Elizabeth Central Hospital, inayamba mu 2011. M'zipatala za bomazi wodwala salipira, chinthu chimene m'mayiko ena oyandikana nafe sichili choncho. Koma malo ndi owerengeka. Amene wapeza malo wapeza chinthu chimene ena ambiri akuchidikira.

Urea wa m'munda, urea wa m'magazi

Zoipa zimene zimaunjikana m'magazi a munthu wodwala impso ndi zamitundumitundu, ndipo n'kosatheka kuziyeza zonse. Madokotala anasankha chimodzi chosavuta kuyeza kuti chiziimira zinzake. Dzina lake aliyense amene anagwirapo khasu amalidziwa: urea. Inde, yemweyo wa feteleza wobereketsa chimanga. Thupi lathu limapanga urea m'chiwindi pamene likuphwanya zakudya zomanga thupi monga nyemba, mazira, mkaka, nsomba ndi nyama, ndipo impso zimamutulutsa mu mkodzo. Urea payekha si poizoni woopsa kwambiri pa zonse zimene zili m'magazimo, koma ali ngati mboni: akachotsedwa wambiri, timadziwa kuti zoipa zina zing'onozing'ono zofanana naye zachokanso.

Njira yoyamba yoyezera ndi yosavuta, mwana wa Sitandade 8 angathe kuiwerengera. Namwino amatenga magazi pang'ono wodwala asanayambe kusefedwa, n'kutenganso ena pomaliza, ndipo onse amapita ku labu tsiku lomwelo. Tiyerekeze kuti poyamba urea anali pa 30, pomaliza watsika kufika pa 9. Amene wachoka ndi 21, ndipo 21 pa 30 ndi 70 peresenti. Nambala imeneyi amaitcha URR. Kwa munthu wosefedwa katatu pa sabata, malangizo amene madokotala a impso amatsatira m'mayiko ambiri amati isatsike pansi pa 65 peresenti, ndipo ndi bwino kulinga pa 70. Ngati urea wa munthu yemweyo atangotsika kufika pa 14, ndiye kuti wachoka ndi 53 peresenti yokha. Munthuyo anapitadi ku chipatala, anagonadi pa bedi, makina anazunguliradi, koma wabwerera kunyumba ndi katundu wambiri amene anayenera kutsala m'sefa.

Njira yachiwiri ili ndi dzina looneka ngati masamu a ku yunivesite, Kt/V, koma tanthauzo lake si lovuta. K ndi mphamvu ya sefa, kutanthauza kuchuluka kwa magazi amene ikuwayeretsa pa mphindi imodzi. Chilembo chaching'ono t ndi nthawi imene munthu wakhala pa makina. V ndi kuchuluka kwa madzi onse a m'thupi mwa munthuyo, popeza urea sakhala m'magazi mokha, amamwazikana m'madzi a thupi lonse. Madzi amenewa amakhala oposa theka la kulemera kwa munthu, mwa bambo wamkulu pafupifupi magawo 60 pa 100.

Tiyeni titenge bambo wolemera makilogalamu 60. Madzi a m'thupi mwake ndi pafupifupi malita 36. Sefa ikamayeretsa mamililita 200 pa mphindi, m'maola anayi, omwe ndi mphindi 240, iyeretsa malita 48. Tikagawa 48 ndi 36 tipeza 1.3. Mzere umene sayenera kutsika pansi pake ndi 1.2, ndipo madokotala amalinga pa 1.4. Bambo wathuyu ali pabwino ndithu.

Tsopano bambo yemweyo afike mochedwa chifukwa minibasi inaima nthawi yaitali pa Chemusa kudikira kudzaza, kapena apemphe kuti amuchotse msanga chifukwa kunja kukuda ndipo mvula yayandikira. Achotsedwe theka la ola nthawi isanakwane. Sefa yayeretsa malita 42, ndipo 42 kugawa ndi 36 ndi 1.17. Watsika pansi pa mzere chifukwa cha mphindi 30 zokha. Akadula ola lathunthu, nambala ifika pa 1.0. Ndipo mnzake wa thupi lalikulu, wa makilogalamu 80, ngakhale atakhala maola anayi onse pa makina omwewo, adzapeza 1.0 basi, chifukwa madzi a m'thupi mwake ndi malita 48. Iyeyu akusowa nthawi yochulukirapo, sefa yokulirapo, kapena kuti magazi aziyenda mothamanga m'makinamo. N'chifukwa chake si bwino kuyerekeza maola anu ndi a mnzanu wa bedi loyandikana.

Wina angafunse: ngati sefa yayeretsa malita 36, ofanana ndi madzi onse a m'thupi, bwanji urea sanathe yense? Taganizirani mgolo wa madzi amatope. Mukutunga ndi kapu, kusefa pa nsalu, n'kubwezera madzi oyerawo mu mgolo womwewo. Madzi oyera aja amasakanikirana ndi amatope, ndipo kapu yotsatira imatunga ena amene munawasefa kale. Mukatunga makapu okwana mgolo wathunthu, matope amakhala atachepa koma osatha, pamatsala oposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Umu ndi momwe zimakhalira m'thupi.

Kumene nambalazi zinachokera

Makina oyamba osefera magazi anapangidwa ndi dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, mu 1943 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo wodwala woyamba kupulumuka nawo anapulumuka mu 1945. Mu 1960 Belding Scribner wa ku Seattle ku America anapeza njira yolumikizira munthu ku makina mobwerezabwereza, ndipo kuyambira pamenepo anthu a impso zakufa anayamba kukhala ndi moyo zaka. Koma kwa nthawi yaitali panalibe muyeso. Dokotala ankangoona ngati wodwala akuoneka bwino.

Kafukufuku wamkulu woyamba pa nkhaniyi anachitika ku America ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1981. Zinaonetsa kuti odwala amene urea wawo ankasiyidwa wokwera ankadwala ndi kugonekedwa kwambiri kuposa anzawo. Mu 1985 Frank Gotch ndi John Sargent anaunikanso zotsatirazo, ndipo ndiwo anabweretsa muyeso wa Kt/V. Kenaka panabwera funso lina: ngati 1.2 ndi yabwino, kodi kukweza kwambiri sikungatalikitse moyo koposa? Kafukufuku wotchedwa HEMO, wa odwala 1,846, amene anatuluka mu 2002, anapeza kuti kwa anthu osefedwa katatu pa sabata, kukweza nambalayi kupyola muyeso wokhazikika sikunasinthe kwenikweni chiwerengero cha omwalira. Phunziro lake kwa ife ndi la mbali ziwiri. Kutsika pansi pa mzere kumapweteka. Koma mzerewo ukakwana, moyo wa wodwala umayamba kudalira zinthu zina zimene urea sanena.

Tiyenera kuonjeza mfundo imene imatikhudza ife kuno. Nambala za 65 peresenti ndi 1.2 zinaikidwa poganizira munthu wosefedwa katatu pa sabata. Wosefedwa kawiri akafika pa 1.2 ulendo uliwonse, zonse za sabatalo zikaphatikizidwa zimakhalabe zoperewera, pokhapokha ngati impso zake zikadali ndi kamphamvu kotsalira. Kotero kwa wodwala wa kawiri pa sabata, 1.2 si malo opumira. Ulendo uliwonse uyenera kukhala wathunthu, ndipo kamkodzo kalikonse kamene akutulutsabe ndi chuma.

Kamkodzo kameneka ambiri amakapeputsa. Impso zimene zatsala ndi mphamvu pang'ono zimagwira ntchito maola onse, ngakhale masiku amene munthu sali pa makina, ndipo zimachotsa madzi, potaziyamu ndi zoipa zina zikuluzikulu zimene sefa imavutika nazo. Zimene zimapha kamphamvu kotsalaka msanga timazidziwa: mankhwala opha ululu monga Brufen, Indocid ndi diclofenac amene amagulitsidwa m'maokala ngati maswiti, mankhwala azitsamba osadziwika muyeso wake, ndi kutsika kwambiri kwa BP pa makina. Mutu ukapweteka, funsani kaye anamwino a ku dayalisisi musanagule chilichonse pa okala.

Pamene nambala inama

Nambala ingathe kunama, ndipo ndi bwino apabanja adziwe mmene imanamira. Magazi omaliza akatengedwa mwachisawawa, akhoza kusakanikirana ndi oyera amene angotuluka kumene m'sefa, ndipo zotsatira zake zidzaoneka zokongola kuposa zoona. N'chifukwa chake namwino amayamba wachepetsa liwiro la pampu kwa kanthawi asanatenge magaziwo. Komanso makina akangoima, urea amene anabisala m'minofu amayamba kubwerera m'magazi, ndipo pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi amakhala atakweranso pang'ono.

Bodza lina ndi lobisika kwambiri. Wodwala amene wasiya kudya amapanga urea wochepa, kotero magazi ake oyamba amaonetsa nambala yotsika. Wosadziwa angasangalale kuti urea watsika, chonsecho munthuyo akutha ndi njala. Kusafuna kudya ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za kusefedwa moperewera, ndiye pamakhala kuzungulira: sakusefedwa bwino, sakudya, urea akuoneka wochepa, aliyense akuganiza kuti zili bwino. Munthu wa pa dayalisisi amafunika zakudya zomanga thupi zochuluka kuposa mmene ankaloledwera asanayambe makina, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 60 akufuna magalamu 60 mpaka 72, pamene dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6.

Ndiye pali njira yolowera magaziyo. Ena ali ndi katheta, kapaipi kolowetsedwa mu mtsempha waukulu wa pakhosi kapena pachifuwa. Ena ali ndi fisitula, pamene madokotala amalumikiza mitsempha iwiri ya pamkono kuti umodzi ukule ndi kumatha kubayidwa, njira imene inayamba ku New York mu 1966 ndipo mpaka lero ndiyo yokhalitsa ndi yosagwira matenda msanga. Njirayi ikayamba kutsekeka, magazi sayenda pa liwiro lofunika, makina amalira pafupipafupi, pampu imaima, ndipo mphindi zimene pampu yaima siziwerengedwa ngakhale wotchi ya pakhoma ikuyenda. Maola anayi a pa bedi akhoza kukhala maola atatu ndi theka a kusefa kwenikweni. Fisitula yamoyo imanjenjemera mukaigwira ndi zala, ngati pakhosi pa mphaka akamalira mosangalala. Wodwala aziigwira m'mawa uliwonse, ndipo kunjenjemerako kukaleka, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Mkono umenewo usanyamule ndowa ya madzi yochokera pa kiyosiki, usagonedwere, ndipo pasayezedwe BP. Wa katheta asanyowetse pabala posamba, ndipo akamva kutentha thupi kapena kunjenjemera asathamangire kuganiza za malungo okha.

Sikelo ndi mboni yachiwiri

Pali chinthu chimene Kt/V sichinena konse, koma chimapha msanga kuposa urea: madzi. Munthu amene satulutsa mkodzo, chilichonse chimene wamwa chimakhala m'thupi kufikira tsiku la makina. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake wodwala amakwera pa sikelo asanayambe ndiponso akamaliza. Madokotala amamuikira kulemera kwake kwenikweni, kumene amakhala nako thupi likakhala lopanda madzi owonjezera, ndipo ntchito ya makina ndi kumubwezera pamenepo.

Makina angathe kukoka madzi, koma thupi lili ndi malire. Akatswiri ambiri amachenjeza kuti kukoka kupyola mamililita 13 pa kilogalamu iliyonse pa ola kumalemetsa mtima. Kwa bambo wathu wa makilogalamu 60, amenewo ndi malita atatu ndi pang'ono m'maola anayi. Akabwera atanenepa ndi makilogalamu 5, namwino ali pa mphambano. Akakoka onse, BP igwa, miyendo igwidwa ndi kukokana, munthu achita chizungulire kapena kusanza, ndipo nthawi zambiri mapeto ake ndi kuzimitsa makina nthawi isanakwane. Akasiya ena, munthu abwerera kunyumba ndi madzi amene adzaunjikana pa ena. Apa tikuona mmene kapu ya tiyi ya Lachiwiri imadzadulira mphindi za Lachinayi. Ku Tassin ku France kuli malo osefera magazi amene anatchuka chifukwa chosunga odwala pa makina maola 8 ulendo uliwonse ndi kuwaletsa mchere, ndipo ambiri mwa odwala awo BP inkakhazikika popanda mankhwala. Ife maola 8 pa ulendo tilibe, koma mchere uli m'manja mwathu.

Pamenepa tiyenera kulankhula mosabisa ngati a m'banja limodzi. M'nyumba zathu za Chiadiventi tinakula tikuphunzitsidwa kumwa madzi ambiri, kudya zipatso, nyemba, mtedza ndi masamba, ndipo kwa munthu wa impso zabwino malangizowa ndi oona. Kwa munthu wa pa dayalisisi, ena mwa iwo amatembenuka. Amene satulutsa mkodzo nthawi zambiri amaloledwa pafupifupi theka la lita pa tsiku, kuphatikiza ndi kuchuluka kwa mkodzo umene watulutsa dzulo lake. Ndipo "madzi" si a m'kapu okha. Phala, thobwa, tiyi, msuzi wa ndiwo, mavwende, nzimbe ndi mafilizesi a ana zonse zimalowa m'chiwerengero. M'mwezi wa October dzuwa likamaswa mtengo, ili ndi yesero lalikulu, ndipo wachibale amene amauza wodwala kuti "imwani madzi ambiri atsuke impso" akumuika pa ngozi, ngakhale akunena mwachikondi. Ludzu limabwera ndi mchere. Banja likachepetsa mchere mu mphika wa onse, likasiya timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zouma zothira mchere, wodwala savutika kwambiri ndi ludzu, ndipo ena onse m'nyumbamo BP yawo imapindula nawo.

Potaziyamu ndiye mdani wosaoneka. Akakwera kwambiri m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu angathe kugwa mwadzidzidzi wosadandaula kanthu. Amapezeka wambiri mu nthochi, mapeyala, mbatata ya kachewere ndi ya kholowa, matimati, nyemba, nsinjiro, masoya pisi ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi nkhwani. Chimodzi chimene mabuku a kunja satchula koma chili m'makhitchini athu ndi chidulo. Madzi a phulusa amene timaphikira therere ali ndi potaziyamu wochuluka zedi, ndipo wodwala impso asawayandikire. Chimodzimodzi mchere wina wa m'masitolo umene amati ndi wa odwala BP, popeza m'malo mwa mchere wamba amaikamo potaziyamu. Izi sizikutanthauza kuti munthu wosadya nyama alibe chakudya. Mbatata ndi masamba zikadulidwa tizidutswa, kuviikidwa, kuwiritsidwa m'madzi ambiri ndipo madziwo n'kutayidwa, potaziyamu wambiri amapita nawo. Nyemba nazo ziviikidwe usiku, madzi atayidwe, ndipo zidyedwe pa muyeso. Choyera cha dzira chimamanga thupi popanda fosifeti wambiri, mchere wina umene ukachuluka umayambitsa kuyabwa ndi kufooketsa mafupa. Muyeso weniweni wa munthu aliyense uchokere ku zotsatira za magazi ake, mothandizidwa ndi anamwino kapena katswiri wa zakudya.

Amayi a Dorika ndi madikoni okayendera odwala, nkhaniyi ndi yanunso. Phava la nthochi, mapeyala ndi botolo la thobwa ndi mphatso zabwino kwa wodwala wina aliyense kupatula ameneyu. Chimene banja lotere limasowa sabata ndi sabata ndi ndalama ya minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, kuchoka ku Mbayani kufika m'tauni, kuchoka m'tauni kufika ku Gulupu, nthawi zambiri ya anthu awiri chifukwa wodwala akatsika pa makina amakhala wofooka. Ya ku Machinjiri kapena ku Bangwe ndiye imaposa pamenepo. Mpingo umene wasonkha ndalama ya ulendo wa mwezi wathunthu wathandiza mwachindunji kukweza nambala imene takhala tikuikambayi.

Tsiku lodumpha

Wosefedwa Lolemba ndi Lachinayi amakhala masiku atatu mbali ina, anayi mbali inayo. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2011 anapeza kuti ngakhale kwa osefedwa katatu pa sabata, imfa ndi kugonekedwa m'chipatala zinkachuluka pa tsiku lotsatira mpata wautali wa kumapeto kwa sabata, mpata wa masiku awiri okha. Ngati ziwiri zili choncho, tingaganize tokha za munthu wa kawiri pa sabata amene wadumpha ulendo umodzi chifukwa cha maliro a kumudzi, ukwati, kapena kusowa ndalama ya ulendo. Ameneyo wakhala sabata lathunthu madzi ndi potaziyamu zikuunjikana. Mwambo wathu umalemekeza maliro, koma abale ayenera kumumasula munthu wotere ndi pakamwa pawo, asachite kudzimva wolakwa. Ndipo ngati tsiku lanu lagwera pa Sabata, pemphani mwaulemu ngati pali mpata wosinthana ndi wina. Ngati palibe, pitani. Ngakhale zipatala za mpingo wathu sizitseka mawodi pa Sabata, chifukwa kusunga moyo ndi ntchito yoyenera tsikulo.

Zina sizili m'manja mwa banja. Ulendo umodzi wa maola anayi umadya malita oposa 120 a madzi oyeretsedwa mwapadera, ndipo makina amafuna magetsi osadukiza, masefa, machubu ndi mankhwala ochokera kunja. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ulendo wokwera phiri umene nawo umadalira magetsi. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023 tinaona tonse mmene misewu, madzi ndi magetsi zingaimire nthawi imodzi. Nyengo zotere, wodwala amene wauzidwa kuti tsiku lake lasunthidwa achepetse kwambiri madzi, mchere ndi zakudya za potaziyamu kufikira atasefedwa, ndipo akayamba kubanika, kulephera kugona chagada kapena kumva miyendo kulemera modabwitsa, asadikire tsiku lake, apite ku chipatala nthawi yomweyo.

Malangizo a m'mayiko ambiri amati muyeso wa kusefedwa uzichitika kamodzi pa mwezi. Kumene zipangizo za labu zili zoperewera, ungachitike patalipatali, koma kufunsa si kulakwa, ndipo anamwino ambiri amasangalala ndi wodwala amene akufuna kumvetsa. Mungathe kunena kuti, "Asisitala, magazi a mwezi uno atuluka bwanji? Urea anali pa chiyani poyamba, nanga pomaliza?" Ndi nambala ziwirizo mungathe kuwerengera URR nokha pa foni. Funsaninso za potaziyamu, za kuchuluka kwa magazi m'thupi, popeza impso zakufa sizitumizanso uthenga wopangira magazi ndipo ambiri amafunika jakisoni wothandizira, ndiponso za kulemera kwanu kwenikweni, kumene kumasintha munthu akaonda kapena kunenepa.

Kope la mwana wa sukulu limakwanira kusungiramo zonsezi. Tsamba lililonse likhale la ulendo umodzi: tsiku, nthawi imene pampu inayamba ndi imene inaima, sikelo poyamba ndi pomaliza, BP, kangati makina analira, ndi mmene munthu anamvera atafika kunyumba. Pansi pake mulembe zimene nambala sizingaone, zimene mayi kapena mwana wosamala wodwalayo amaziona tsiku ndi tsiku: wadya nsima zingati, wasanza kapena ayi, wagona ndi mapilo angati, akuyabwa usiku, mapazi atupa mpaka pati, watha kuyenda kufika pamsika kapena wapumira panjira. Dokotala amene ali ndi odwala ambiri ndi mphindi zochepa akatsegula kope lotere ndi kuona kuti maulendo anayi otsatizana anathera pa maola atatu ndi theka, kapena kuti sikelo ikukwera ndi makilogalamu anayi Lolemba lililonse, amadziwa pomwe angayambire: kuonjeza nthawi, kusintha sefa, kuunika fisitula, kapena kukhala pansi ndi amene amaphika kunyumba.